BWATO LA MUNTHU MMODZI PA MADZI AUKALI

Ambiri a inu munabadwira m'mbali mwa madzi, ena ku Luapula ndi ku Bangweulu, ena ku Bulozi, ena ku Luangwa, kotero bwato si cinthu cacilendo kwa inu. Koma lero ndifuna kukamba za bwato la mtundu wina, limene anthu a ku America ndi ku Canada amapanga kuti munthu mmodzi yekha atsike nalo pa mathithi, pamene madzi athamanga mwaukali pakati pa miyala. Iwo acita izi ngati masewera cabe. Komatu nzeru zimene anaziphunzira pogwera m'madzi kawirikawiri zingathe kupulumutsa msodzi, kapena munthu wa pa chuti amene aoloka mtsinje popita kwao.

Munthu ali yense pokwera bwato afunsa mumtima kuti, kodi silidzandigubuduza? Apa ndipo anyengedwa ambiri, pakuti kukhazikika kwa bwato kuli pawiri. Koyamba ndiko kumene mukumva pamene bwato liri pa madzi odekha. Kwaciwiri kuoneka pokhapo bwato litapendekeka kale, ndipo ndiko kumene kuweruza ngati libwerera kapena lipidiguka.

Ponyani thabwa ndi cipika pa dziwe. Thabwa ligona phee, koma cipika cigubuduzika mukangocikhudza ndi cala. Tsono bvundulani madzi kuti acite mafunde. Mudzaona kuti thabwa lija litsata funde liri lonse, lipendekera uku ndi uku monga madzi afuna, pamene cipika cingokwera ndi kutsika, cifukwa funde lisowa pocigwira. Bwato la pansi pophwathalala lifanana ndi thabwa: likondweretsa mlendo pa dooko, koma funde likalimenya m'nthiti lipendekeka nalo pamodzi, ndipo likapitirira malire ace ligwa mwadzidzidzi, osacenjeza. Bwato la pansi pobulungira ligwedezeka inu mutangokwera, mtima nkucita phaa. Koma pa mafunde ndilo limvera mwini wace. Amisiri ocenjera ayenda pakati pa ziwirizi. Abulungiza pansi pang'ono, natambasula nthiti cakumwamba monga mbale ya ndiwo, kuti bwato likapendekeka nthiti yaikuru ilowe m'madzi ndi kulikankhira m'mwamba.

Pamene pansi pakomana ndi nthiti pali ngondya, imene eni masewerawa aichula chine, ndipo atsutsana kwambiri za iyo. Bwato lochedwa Ocoee, la mapazi 11 ndi pang'ono, limene linapangidwa ndi kampani ya Dagger, liri ndi ngondya yakuthwa. Katswiri akalipendeketsa, ngondyayo iluma madzi monga khasu liluma nthaka, ndipo bwato likhota msanga kulowa kuseri kwa mwala kumene madzi apuma. Koma wophunzira akapendekera mbali yolakwa, madzi agwira ngondya yomweyo namponya pansi asanaphethire. Lina lochedwa Outrage, la kampani ya Mad River, liri la mapazi 12 ndi ngondya zobulungira. Silikhota mwaukali cotero, koma likhululukira zolakwa zambiri. Ine ndinganene kuti wophunzira ayambe ndi lokhululukira; ukatswiri udzampeza ali moyo.

Cinthu cina ndico kupindika kwa msana. Mukaika bwato la pa nyanja pa mcenga, msana wace wonse ukhudza pansi. Bwato la pa mathithi likhudza pakati pokha, mphuno ndi kumbuyo ziri m'mwamba ngati nthoci; kupindika kumeneku akucha rocker. Popeza nsonga zace sizizika m'madzi, kupalasa kamodzi kokha kulitembenuza, ndiponso mphuno ikwera pamwamba pa funde osaliboola ndi kumwa madzi. Mtengo wace ndi uwu: pa madzi odekha bwato lotere likana kuyenda molunjika, lingozungulira ngati mbuzi ya pa cingwe, ndipo mphepo ilikankha monga ifuna. Msodzi wa pa Bangweulu amene ali ndi ulendo wa tsiku lonse angalitaye lisanafike dzuwa pamutu.

Kutalika nako kuli ndi malonda omwewo. Lalitari lithamanga ndi kusunga njira, monga lole pa mseu. Lalifupi likhota ngati njinga. Mabwato a masiku ano afupika ndithu. L'Edge, la kampani ya Esquif ku Quebec, liri la mapazi 9 ndi pang'ono, lotakata ndi la nthiti zazitari, ndipo achuka nalo cifukwa siligubuduzika msanga. Koma nlolemera, ndipo pooloka madzi amphamvu lifuna mikono yolimba cifukwa liribe liwiro.

Tsono mverani za wokwerayo, pakuti iyenso ali ciwalo ca bwato. Amuna a ku Bulozi apalasa ciimire pa cigumula ca Zambezi, ndipo nzokoma kuona. Koma pa mathithi munthu agwada. Akhala pa kampando kofewa pakati peni peni pa bwato, maondo ali tang'a, ncafu zitamangidwa ndi malamba amene amasuka msanga. Motero kulemera kwace kuli pansi, ndipo apendeketsa bwato ndi maondo pamene nkhafi iri pa nchito yace. Kutsogolo ndi kumbuyo amangirira matumba a mpweya. Awa saletsa kugubuduzika ai, koma aletsa madzi kudzala m'bwato. Lita imodzi ya madzi ilemera kilo imodzi; malita 70 okha ali ngati munthu waciwiri, ndipo ndi munthu woipa, wothamangira nthawi zonse mbali imene bwato lapendekera. Cifukwa cace kukapa madzi si nchito yoti idikire, ngakhale m'bwato losema la kumudzi. Wopalasayo abvalanso jekete yoyandamitsa ndi cisoti colimba, conga cimene inu mubvala pansi pa mgodi.

Za zopangira ndinena pang'ono. Itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945, kampani ya ndege ya Grumman inafalitsa mabwato a aluminiyamu. Analimba, koma amakakamira pa miyala. Pambuyo pace kunadza pulasitiki yochedwa Royalex, yoterera pa mwala ndi yobwerera m'malo mwace ikaphwanyika, koma analeka kuipanga mu 1914 ai, mu 2014, ndipo amisiri anatembenukira ku mapulasitiki ena.

Zambezi wathu anaphunzitsa kale anthu kuopa. Mu November 1860 David Livingstone ndi anzace anayesa kutsika mathithi a Kebrabasa m'mabwato osema. Madzi anabwadamuka mwadzidzidzi naponya pa mwala bwato la Dotolo John Kirk. Iye anapulumuka, koma zolemba zace ndi zithunzi za zomera zimene anajambula pa ulendowo zinapita ndi madzi. Ambiri a mathithi amenewo anamizidwa ndi dziwe la Cahora Bassa kuyambira 1974. Koma kunsi kwa Mosi-oa-Tunya, m'cigwa ca Batoka, madzi akali aukali. Anthu atsikako ndi mabwato a mphira kuyambira 1981, ndipo pa muyeso wa kuopsya umene uyambira pa 1 kulekeza pa 6, mathithi angapo a kumeneko ali pa 5. Pa mathithi a nambala 9 alendo atsika m'bwato nayenda pa mtunda.

Mukafuna kudziwa mtima wa bwato musanapite nalo kutari, liyeseni pa madzi a m'maondo, kumene eni dera akutsimikizirani kuti kulibe ng'ona. Gwadani pakati, lipendeketseni pang'ono pang'ono kufikira mlomo wace uyandikira madzi, ndipo mverani ndi maondo anu ngati likukankhani kubwerera kapena lingokusiyani mupite. Sabata ya mawa, nthawi yomweyino, tidzakamba za nkhafi ndi kagwiridwe kace.