Munthu mmodzi, orchestra yonse: chinsinsi chili pa manambala ndi nthawi

Orchestra yaikulu imakhala ndi oyimba oposa 70: ena pa vayolini ndi cello, ena pa zitoliro, ena pa malipenga, ena pa ng'oma. Koma masiku ano munthu mmodzi, ali ndi kiyibodi ndi laputopu basi, atha kumveketsa gulu lonselo pamaso pa anthu. Si matsenga ayi. Ndi fizikisi yomwe ija ya mafunde a mawu imene ndimaphunzitsa m'kalasi, kungoti yavala suti.

Choyamba dziwani kuti kiyibodi situmiza mawu ku kompyuta. Imatumiza manambala, m'chilankhulo chotchedwa MIDI chimene chinayamba mu 1983. Mukadina, kiyibodi imangonena kuti mwadina noti iti, mwamphamvu bwanji, ndipo mwachotsa liti chala. Manoti ali ndi manambala kuyambira 0 mpaka 127. Nambala 60 ndi C wapakati, pomwe 69 ndi A uja wa 440 Hz, kutanthauza kuti mpweya ukunjenjemera ka 440 pa sekondi.

Nanga mawuwo akuchokera kuti? Anajambulidwa kale kwa oyimba enieni. Mwachitsanzo, kampani ya Spitfire Audio inajambula gulu la BBC Symphony Orchestra ku Maida Vale, mumzinda wa London, noti ndi noti. Noti imodzi amaijambula kangapo, motsitsa komanso mokweza. Mwina mukuti, bwanji osangoijambula kamodzi n'kumakweza voliyumu? Sizingamveke zenizeni. Munthu akaomba lipenga mwamphamvu, funde silingokula chabe, limasinthanso maonekedwe, chifukwa mafunde othamanga amene amaperekeza noti ija amachuluka. N'chifukwa chake lipenga loombedwa mwamphamvu limamveka lakuthwa. Ndiye pulogalamu imayang'ana nambala ya mphamvu imene mwadinira, n'kusankha chojambulidwa choyenera.

Tsopano kugawa ntchito. Mukadina manoti atatu pamodzi, C, E ndi G, pulogalamu wamba imapereka onse atatu kwa chida chimodzi. Koma orchestra siyimba choncho. Mapulogalamu monga Divisimate amagawa pompopompo: noti yapamwamba kwa vayolini, yapakati kwa viola, yapansi kwa cello. Mukafuna kuti double bass itsagane ndi cello ndi mawu abesi, pulogalamu imangochotsa 12 pa nambala ya notiyo, ndipo kunjenjemera kumatsika ndi theka, 440 Hz n'kukhala 220 Hz. Wokonza nyimbo ayeneranso kudziwa malire a chida chilichonse. Vayolini siingatsike kupitirira noti nambala 55, ndiye mukaipatsa 50 ingokhala chete.

Koma mdani wamkulu ndi nthawi. Kompyuta siitulutsa mawu ngati madzi a pampopi. Imawatunga m'zidebe. Pa sekondi iliyonse imakonza tizidutswa ta mawu 44,100, ndipo imayamba yadzaza kachidebe kotchedwa buffer isanatumize ku sipika. Kachidebe ka tizidutswa 128 kamadzaza m'mamilisekondi pafupifupi 3. Ka 1,024 kamatenga 23, osawerengera kuchedwa kwina kwa m'zipangizo.

Kodi 23 ndi yambiri? Tiyese ndi liwiro la mawu mumpweya, mamita pafupifupi 343 pa sekondi. M'mamilisekondi 3 mawu amayenda mita imodzi, ngati kuti sipika ili pafupi nanu. M'mamilisekondi 23 amayenda mamita pafupifupi 8, ngati kuti chala chili kutsogolo kwa kalasi koma mawu akuchokera kumbuyo kwenikweni. Woyimba amamva kuti chida chikumutsalira, kenako amayamba kuphonya nthawi, oyimba anzake n'kusokonezeka nawo.

Ndiye tingosankha kachidebe kakang'ono? Apa mpamene pagona nkhani. Kachidebe kakachepa, kompyuta imayenera kutunga pafupipafupi. Ikalephera kudzaza pa nthawi yake, zida zili 30 kapena 40, sipika imayamba kuthetheka ngati chimanga pamoto, anthu ali tcheru. Woyimba aliyense amafufuza kachidebe kakang'ono kwambiri kamene kompyuta yake ingakwanitse.

Nayi ntchito yanu. Tengani kachidebe ka tizidutswa 512. Kadzaza m'mamilisekondi angati, ndipo pa nthawi imeneyo mawu akhala atayenda mamita angati? Mukapeza yankho, yezani mtundawo ndi mapazi panja, mnzanu aombe m'manja ali kumapeto kwake, inu muone ngati khutu lingagwire kuchedwako.