Cholembera cha Phingo ndi Zamkati Mwake

Mnyamata wosema zolembera pa makina ozungulitsa mtengo amanyadira phingo kapena mlombwa wonyezimira. Koma wogula akabweza cholembera, mlandu sukhala pa mtengo ayi. Umakhala pa kodinira kaja ka kumutu, kamene kamagulidwa kopangiratu. Tiziŵalo tapulasitiki timatha msanga: nsonga imakana kuloŵa, inki nkuthimbiriritsa thumba la malaya.

Ife tilangiza kuti muyambe mwagula zida zochepa, zokhala ndi kodinira kachitsulo monga ka Schmidt ka ku Germany, ndipo mukadine kambirimbiri musanalumikize. Sankhani zolandira inki ya mtundu wa Parker, yosavuta kupeza.

Inu makolo opereka mpamba, yang'aniraninso ichi: posalaza mathero a mtengo, mwana asafupikitse kachubu kamkuwa kam'kati, pakuti nsonga idzangokhala kunja.