Gulugufe wa Buluu ndi Nkhosa za ku Malling Down

Ana inu, yang'anani coko cimene aphunzitsi alembela pa bolodi. Kum'mwela kwa dziko la England kuli zitunda zochedwa South Downs, zimene pansi pake pali mwala woyela ndi wofewa wonga coko cimeneco. Mwalawo unapangika kale kwambili ndi zigoba za tamoyo tating'onoting'ono ta m'nyanja, pamene malowo anali pansi pa madzi.

Pafupi ndi tauni ya Lewes pali malo osungilako zacilengedwe ochedwa Malling Down, amene bungwe la Sussex Wildlife Trust liyang'anila. Nthaka yake ndi yosaya ndi yopanda conde. Mvula ikagwa, madzi amalowelela msanga m'mwala. Mlimi wa cimanga sangaifune. Koma kusowa condeko ndiko kumene kumathandiza maluwa, pakuti udzu wamphamvu umalephela kukula ndi kuwatsamwitsa. Pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi mukhoza kupeza mitundu ya zomela yofika 40.

Tsopano mvetsetsani za gulugufe wochedwa Adonis blue. Wamphongo ali ndi mapiko a buluu owala, wamkazi ndi wofiilila ngati dothi. Mbozi yake imadya kamtengo kamodzi kokha ka maluwa acikasu, ka mtundu wa nyemba, kochedwa horseshoe vetch. Mboziyo imatulutsa timadzi totsekemela timene nyelele zimakonda, ndipo nyelelezo zimailondela kwa adani ake, mwina kuikwilila ndi dothi kuti ibisale. Zonsezi zifuna nthaka yofunda, ndipo ku dziko lozizila lija nthaka imafunda pokhapokha ngati udzu uli waufupi, dzuwa n'kumafika pansi. N'cifukwa cake gulugufeyu amakonda mbali ya citunda yoyang'ana kum'mwela, kumene kumakhala dzuwa la kumeneko.

Nanga ndani anali kufupikitsa udzuwo? Kwa zaka mazana ambili zinali nkhosa. Abusa atacepa, akalulu anapitiliza nchitoyo. Koma m'caka ca 1953 nthenda yochedwa myxomatosis inalowa m'dzikomo ndi kupha pafupifupi akalulu onse. Udzu unatalika, zitsamba zinamela, nthaka inazizila, ndipo gulugufe uja anazimilila m'malo ambili ngakhale panalibe munthu womupha. Zitunda zina zinagaulidwa ndi kuthilidwa feteleza, maluwa n'kuthelatu.

Mungaganize kuti kusunga malo ndiko kumanga mpanda ndi kuwasiya okha. Pano ai. Osamalila malowa amabweletsa nkhosa kuti zidye udzu, amadula zitsamba, ndipo feteleza sathila konse. Akalulu nawonso anaculukanso, motelo gulugufe anabwelela m'malo ena. Amauluka kawili pa caka: m'May ndi June, ndiponso m'August ndi September.

Aphunzitsi, tulukani ndi ana kuseli kwa sukulu. Yezani mita imodzi pamene mbuzi zimadya, ndi inanso pamene udzu watalika. Ana awelenge mitundu ya zomela pa malo onse awili, alembe m'makope ao, ndipo aone duwa limene agulugufe akutelapo kawilikawili.