PHUNZIRO 14: MANO A ANTHU OPANDA NYUMBA

Ku Plymouth, m'dziko la England, kuli anthu ogona m'misewu. Alibe potsukira m'kamwa. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shuga kukhala asidi. Asidiyo amaboola dzino monga nankafumbwe aboola chimanga.

Ambiri a iwo amaopa chipatala, ena amachita manyazi. Choncho ophunzira udokotala wa mano pa yunivesite ya mumzindawo sadikira. Amawatsata kumene amalandirira chakudya ndi pogona. Amacheza nawo, amawapatsa miswachi, amawaonetsa katsukidwe kake. Amene dzino lake laola amapita kuchipatala cha sukuluyo, ndipo salipira.

Anzathu, dzino likawawa munthu sadya, salima. Mafinya akafalikira angathe kupha. Titsuke mano kawiri pa tsiku. Mnzathu akatupa tsaya, timuperekeze kuchipatala lero lomwe!