Malire Amene Mvula Imatsata

Tsiku lina mvula ikamagwa, mudzayang'anitsitse denga la nyumba yanu. Madzi ena amatsikira kukhomo, ena kuseri, ndipo chowalekanitsa ndi mzere wa pamwamba penipeni pa dengalo. Dziko nalonso lili ndi madenga otere. Akatswiri oyeza malo amatsata zitunda ndi nsonga za mapiri, nazijambula pa mapu, kuti adziŵe dera lonse limene madzi ake amathera m'nyanja imodzi.

Tiyeni tiutsate mzere umenewu mozungulira Nyanja ya Malaŵi. Kumadzulo nkhani n'njosavuta, pakuti m'madera ambiri malire a Malaŵi ndi Zambia anaikidwa pa chitunda chomwecho chogaŵa madzi. Mvula yogwa ku Mchinji imaloŵa mu Bua n'kukathera kunyanja, pamene yogwa ku Chipata imalunjika ku Luangwa. Koma kumpoto ndi kum'maŵa sizili choncho ayi. Mtsinje umene umathira madzi ambiri m'nyanjayi kuposa ina yonse ndi Ruhuhu, ndipo wonsewo uli m'dziko la Tanzania. Ku Mozambique nakonso kuli timitsinje tathu, ngati n'kololeka kutitcha tathu.

Mwina mukufunsa kuti, nanga ife zikutikhudza bwanji? Madzi ambiri a m'nyanjayi amauma ndi dzuŵa ndi mphepo, ndipo otsalawo ali ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndilo mtsinje wa Shire. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inaphwa kwambiri kotero kuti Shire analeka kutulutsa madzi. Masiku amenewo kunalibe makina a magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Zitachitikanso lero, midzi ndi mizinda ingagone mumdima. Madzi akachulukitsa ndi vutonso: m'chaka cha 2024 nyanja inasefukira m'nyumba za anthu ku Mangochi. Tsono amene amatsegula ndi kutseka zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965, ayenera kudziŵa mvula imene yagwa m'mapiri a ku Tanzania, osati ya ku Karonga ndi Nkhata Bay yokha.

Kale ntchito yojambulayi inali yoŵaŵa. Anthu ankakwera mapiri ndi zipangizo pamutu, pambuyo pake n'kumadalira zithunzi zojambulidwa pa ndege. Mapu a dziko lililonse ankathera pa malire ake, ndiponso Angerezi ankayeza kutalika kwa mapiri m'mafiti pamene Apwitikizi ankayeza m'mamita. Kulumikiza mapepala otere kunali ngati kusoka chigamba cha nsalu ina pa malaya ena. M'chaka cha 2000 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Endeavour chinayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka m'mbali yaikulu ya dziko lapansi m'masiku 11 okha, ndipo lero kompyuta imalondola njira ya madzi mosasamala za malire a maboma. Komabe pa malo athyathyathya ngati madambo imasokonezeka, mpaka munthu apite yekha akaone kumene madzi akuloŵera.

Ndimalize ndi Songwe, mtsinje umene ndiwo malire a Malaŵi ndi Tanzania. Ukasefukira m'chigwa chake cha kumunsi umasintha njira, ndipo munda umene unali tsidya lino umapezeka uli tsidya lija. Mu 2017 maiko aŵiriŵa anasainirana pangano lokhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira chigwa chonse cha mtsinjewu, kuyambira kumapiri kumene umachokera kufikira pamene umathira m'nyanja.