Mpando wa Nchito m'Boma Subadwa Tsiku Limodzi

Akulu-akulu a m'tauni ya Kafue akumbukirabe masiku amene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970, ndi inzace ya nsalu ya Kafue Textiles zinali kulemba anyamata mazana-mazana. Ya nsalu ija inatseka kale, ndipo lero makolo ambiri amene anaphunzitsa ana ao ndi ndalama za nsomba ndi cimanga aika mtima pa nchito za Boma.

Kawiri-kawiri makolowa amafunsa kuti: ngati pa kiliniki anamwino ndi ocepa, mkulu wa za umoyo m'boma la Kafue alekeranji kulemba mwana wa pomwepo amene ali ndi satifiketi m'manja? Coona ndi cakuti mkuluyo alibe mphamvu yotere, ngakhale atafunitsitsa.

Mpando uli wonse wa nchito ya Boma uyenera kupezeka m'buku lochedwa Establishment Register. Unduna ukafuna mpando watsopano umapempha ku Cabinet Office ku Lusaka, kumene nthambi za Management Development Division ndi Public Service Management Division zimasanthula ngati mpandowo ufunikadi, ndiponso kuti ukhale pa mulingo uti wa malipiro. Akabvomera, pamatsala khomo lobvuta koposa, ndilo la Unduna wa za Cuma, umene umapereka cilolezo ca ndalama cochedwa Treasury Authority. Popanda cilolezoci mpandowo uli ngati nkhokwe yopanda cimanga. Cikatuluka, mpando umalowetsedwa m'kompyuta ya malipiro ya PMEC, ndipo pamenepo ndi pamene Civil Service Commission, kapena Teaching Service Commission ngati ndi mphunzitsi, ingaikepo munthu.

Kukweza mpando umene ulipo kale kumadzera njira yomweyo, ndipo apa ndiye pagona madandaulo ambiri. Sukulu ya pulaimale ikasandutsidwa sekondale, cikwangwani ca pamseu cimasintha msanga, koma mipando yace imacedwa. Motero mphunzitsi angatsogolere anzace zaka zingapo akulandirabe malipiro a udindo wace wakale, pamene wina dzina lace lamalipiro lili pa sukulu imene sanapondeko n'komwe. Amene anadzilipirira yekha maphunziro a digiri nayenso amadikira kufikira patapezeka mpando wa mulingo umenewo wokhala ndi ndalama zace. Kudikira kotere kumawawa, makamaka kwa munthu amene ali pafupi kupuma pa nchito.

Komabe malamulowa sanaikidwe mwa nkhanza. Pamene Boma linayamba kukonzanso nchito zace mu 1993, linali kulimbana ndi kuculuka kwa anchito kopitirira ndalama zimene linali nazo, ndipo kompyuta ya malipiro inadza pambuyo pace kudzathandiza kutseka njira ya maina a anchito amene kulibeko.

Ndalama zikakhalapo, makomo onsewa amatseguka pamodzi. Mu 2022, zitaikidwa m'bajeti ya dziko, Boma linalemba aphunzitsi 30,496 ndi anchito a za umoyo 11,276 m'caka cimodzi, ndipo maina a osankhidwa anasindikizidwa m'manyuzipepala.