Mafuta a nsatsi, ku Egypt ndi ku Chiradzulu

Nsatsi zomwe zimangodzimerera padzala ku Namitambo kapena ku Thumbwe, m'boma la Chiradzulu, n'zomwenso akazi a ku Egypt wakale ankadalira. Mpukutu wa zamankhwala wotchedwa Ebers Papyrus, wolembedwa cha m'ma 1550 BC, umati njere zake zikaperedwa n'kusakanizidwa ndi mafuta zimakulitsa tsitsi la mkazi.

Agogo akuno anali nalonso luso. Ankakazinga njerezo paphale, n'kuzisinja mumtondo, kenako n'kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama pamwamba pa madzi. Akawawengula, ankadzola pakhungu lotuwa, m'ming'alu ya kumapazi ndi kumutu komwe.

Mafutawa ngokhuthala, motero amatchinga chinyezi kuti chisathawe pakhungu, makamaka kukazizira mu June ndi July.

Chomwe ndikupempha makolo n'chakuti ana asatafune njerezi, chifukwa zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin.